Mikanda itatu ya m'munda wa thonje

Ndikukumbukira chaka chimene tinayamba kulima munda wa kumtunda ku Zemba. Ndinali mu giredi 3, kamtsikana kokonda zonyezimira kuposa sukulu. Makolo anga anali atathawa nkhondo ku Mozambiki, ndipo mundawo anatibwereka a Phiri, mkulu wina wa m'mudzimo wosalankhulalankhula. Bambo sankatopa kutikumbutsa kuti ndife obwera, tikangolakwitsa atilanda, ndipo kwina kolima kunalibe.

Tsiku lina m'mawa tikuunda mizere ya thonje, khasu la bambo linagunda mphika wakalekale, wakuda bii. Pambali pake panali mafupa ndi mikanda yabuluu yomwazika m'dothi. Bambo anavula chipewa. Mayi anandikankhira kumbuyo kwawo, chifukwa za kumanda si za ana, koma anachedwa. Pamene ankakwirira, ine n'kuti nditatola kale mikanda itatu ndi zala za kuphazi, n'kuibisa m'tsaya. Dothi lija linali lozizira, la mcheremchere, mpaka lero ndimalimva pa lilime.

Bambo anatilamula kuti tisauze munthu. Chinsinsicho ndinachisunga masiku awiri athunthu. Tsiku lachitatu ndinatunga mikandayo pa ulusi wa thumba la feteleza, n'kuvala popita kusukulu, kolala ya yunifolomu nditaipinda dala kuti anzanga aone. Anaonadi. Pofika masana sukulu yonse inkadziwa kuti m'munda mwathu mumatuluka mikanda, ndipo mdzukulu wa a Phiri tinkakhala naye benchi limodzi.

Nditafika kunyumba, mayi anangoyang'ana m'khosi mwanga n'kukhala pansi. Sanandimenye, koma bola akanandimenya. Bambo anati tidzangokana. Mayi anati nkhani yafika kale m'mudzi, tikabisa adzati tinafukula manda dala. Anandigwira dzanja, ulendo wa kwa a Phiri. Njira yonse ndinkalira, ndikuganiza kuti banja lathu ligona ndi njala chifukwa cha timikanda titatu.

Tinawapeza akusema mpini. Mayi anagwada, ine ndinagwada kumbuyo kwawo.

"Tabwera kudzapepesa, bambo," anatero mayi. "Khasu lakhudza eni malo, ndiye mwanayu watenga zawo. Munda ndi wanu, mmene muonere."

A Phiri anaika sompho pansi, n'kutsogola okha mpaka kumunda. Anaima nthawi yaitali, akuyang'ana phiri, akuyang'ana chitsa chakupsa chimene chinali pafupi.

"Ndi azakhali a bambo anga awa," anatero. "Mudzi utasamuka, mtengo wa pamanda unapsa ndi moto wolusa, basi tinawataya. Mwatipezera, mayi. Limani, koma apa pokha musiye."

Mikanda ndinaibweza ndi dzanja langa. Mayi anawomba m'manja pang'onopang'ono, n'kunena chapansipansi kuti, "Pepani, ndife alendo, sitinadziwe. Gonani." Tisanalowe m'nyumba anandisambitsa m'manja ndi m'mapazi monga amachitira anthu pochokera kumanda. Nditaulula za m'tsaya, m'kamwa namo munalowa sopo, katatu.

Munda sanatilande. Pakati pa thonje panatsala kamalo kaudzu, ndipo chaka ndi chaka mayi ankakalambula m'mbali kuti moto usafikepo. Nditakula pang'ono ndinawafunsa chimene ankavutikira ndi manda a munthu woti si mbale wathu. Anati, "Amayi anga tinawaika mothamanga, mfuti zikulira. Pano wina akulima pamenepo. Mwina nayenso akuwasiyira kamalo."

Zonsezi zinandibwerera chaka chatha. Ntchito yanga ya ulangizi wa thonje inanditengera ku msonkhano ku Girisi, mumzinda wa Tesalonika. Dzinali ndinkangolimva kutchalitchi, ndinkayesa mzindawo unatha kalekale, koma ndinapeza mabasi, masitolo ndi anthu akumwa khofi m'mphepete mwa nyanja. Tsiku lomaliza anatitengera ku Vergina, kumene kuli manda a mafumu akale a ku Makedoniya. Kunja ndi kachitunda kaudzu chabe. M'kati ndi mozizira, mwa mdima, muli makomo amiyala, nkhata ya masamba agolide, ndi kabokosi kagolide mmene munali mafupa a mfumu. Wotilondolera anafotokoza monyadira kuti mandawo anaiwalika kwa mibadwomibadwo, mpaka akatswiri ofukula zakale anawapeza.

Anthu amalowa ndi tikiti, ana asukulu ndi aphunzitsi awo ali yakaliyakali. Ine ndinaima pakhomo. Ndinawomba m'manja pang'onopang'ono, n'kunena kuti pepani, ndife alendo. Ndisaname, nditalowa ndinayang'anitsitsa golide uja mpaka anzanga anachita kundikoka, kamtsikana kaja sikanapite kutali. Mwamwayi zonse zinali m'magalasi. Titabwerera ku hotela, ndinasamba m'manja ndi madzi a m'botolo ndisanalowe, mlonda akundiyang'ana modabwa.

Masiku ano zinthu zinasintha. Pamaliro achinyamata amajambula ndi mafoni mpaka pamanda, minda ikuchepa, aliyense akuwerengera mzere uliwonse. Mayi ndi a Phiri anatisiya, ndipo munda uja amalima mlongo wanga ndi ng'ombe. Madzulo a tsiku lija la ku Vergina ndinamuimbira foni, kumufunsa ngati kamalo kaja kadakalipo.

"Kalipo, achemwali," anatero akuseka. "Ng'ombe zikafika pamenepo zimakhota zokha."