Mwala Wanyowa

Ine ndine munthu wamkwiyo, ndipo sindibisa. Sukulu ndinamaliza giredi thwelufu, koma satifiketi sinandipezere ntchito, choncho akulu anga ananditenga kuti tizikaswa miyala kumaenje a kuseri kwa komboni ya Chawama. Iwo anali atagwira kale kumeneko zaka zisanu.

Dzenje lathu linali lakuya ngati nyumba zitatu zosanjikiza. Mwala wabwino unali pakati pa khoma, osati pansi pomwe panali madzi obiriwira. Tinkawotcha matayala akale kuti thanthwe ling'aluke, kenako mmodzi ankatsika ndi chingwe m'chiuno, hamala m'manja, kukagumula zidutswa. Winayo ankatsala pamwamba atazunguliza chingwecho pa chitsulo cha lole chomwe tinachikhomera pansi. Nsapato tinkavula, chifukwa thanthwe umalimva ndi zala zakumapazi.

Pa chingwe simucheza zazitali. Wotsika amafunsa, "Wagwila?" Wapamwamba amayankha, "Nagwila." Ukafuna chingwe chitalike umangoti taya. Kamphako ka pathanthwe kongokwana chala chachikulu cha kuphazi tinkakatcha phazi la mbuzi. Woterereka n'kukalika nkhope pakhoma ndiye wadya mwala, ndipo ameneyo tinkamuseka sabata yathunthu.

Koma panali mawu ena osasekera. Mwamuna ali pa chingwe sanena kuti watopa kapena akuopa. Amati, "Mwala wanyowa." Kaya ndi mu Okutobala thanthwe litauma gwa, wapamwamba safunsa, amangokoka. Akulu anga anandiphunzitsa lamuloli tsiku loyamba atanditsina khutu. Anati ngakhale munthuyo akutukwane m'mawa, ngakhale akulande mkazi, umamukoka kaye, ndewu idzabwere mapazi ake ali padothi. Ine ndinawanenapo kawiri mawuwo. Kawiri konseko anandikoka, ndipo sanandifunse kanthu ngakhale panjira yobwerera. Iwo sanawanenepo n'kamodzi komwe.

Chilankhulo chimenechi chinatitsata mpaka kunyumba. Mkazi wanga pondipatsa kapu ya tiyi ankafunsa ngati ndagwira asanaisiye. Mwana wa neba akalephera mayeso, ndiye kuti wadya mwala. Kaganyu kosakwana kugula ndiwo kanali phazi la mbuzi, ungopondapo podikira kena. Ndinamvapo kondakitala wa minibasi akunena kuti bwana wake wadya mwala, ndipo ndinapsa mtima, chifukwa manja ake anali osalala, chingwe anali asanachigwirepo.

Kenako madzi anadzaza dzenjelo ndipo ntchito inatha. Ine ndinapeza yonyamula simenti m'tauni n'kusamukira ku komboni ya Linda. Akulu anga anatsala m'chipinda chimodzi ku Chawama. Mkazi wawo anawasiya, chifuwa chinawagwira, kachasu anawamaliza.

Chaka china m'nyengo ya mvula mwana wanga wamkazi anamwalira ndi kutsegula m'mimba. Anali ndi zaka zinayi. Akulu anga, omwe anayenera kuima pambali panga kumanda, anafika titabwerako kale, ataledzera. Anasanza pafupi ndi tenti ya maliro, n'kufunsa mokweza ngati nyama yatsalako. Ndinawamenya chibakera pamaso pa apongozi anga ndi anthu a kutchalitchi, ndipo ndinawauza kuti asadzapondenso pakhomo panga. Zaka ziwiri zinatha tisanaonane.

Anabwera Lamlungu masana ndikukonza chitseko. Poyamba sindinawazindikire. Anali atavala jekete dzuwa likuwotcha choncho, khosi litatsala ngati la nkhuku, m'manja muli jumbo ya zovala. Mkazi wanga anagwada n'kuwapatsa moni, "Ba mulamu, mwabwela." Ine sindinasiye kukhoma misomali.

Anakhala pa buloko n'kuyamba kuzungulira. Anadandaula za fumbi la msewu, za minibasi yomwe inawatsitsa patali, za mpira. Akalankhula pang'ono ankaima kaye kuti apume. Kenako anayang'ana pansi.

"Iwe mufana wanga," anatero. "Mwala wanyowa."

Sindinganame kuti sindinamve tanthauzo. Ndinamva bwinobwino, ndipo manja anga anafumbata okha ngati muli chingwe. Mkazi wanga nayenso anamva. Anali atalowa kale m'nyumba, ndipo ndinkamva akukoka matumba a makala kuwatulutsa m'kachipinda kakang'ono kuti payalidwe mphasa. Koma ine ndinkangoona masanzi aja pafupi ndi tenti, ndi kabokosi koyera komwe ndinanyamula popanda m'bale wanga.

"Ngati wanyowa gwilani mweka," ndinatero, kuwauza kuti adzigwire okha. "Pa malilo ya mwana wanga munagwila ndani?"

Sanakane. Anangoti, "Ni zoona." Anadzuka pang'onopang'ono atagwira khoma, natola jumbo yawo. Tiyi anakana. Mkazi wanga anawaperekeza mpaka pamsewu, ndipo atabwerako anaima patsogolo panga.

"Ndimwe munaniphunzisa kuti bamayamba kukoka," anatero. "Ndeo ni pambuyo."

Ndinamuuza kuti atseke pakamwa, n'kuponya hamala pakhoma mpaka pulasitala inagumuka.

Mumtima ndinkati ndiwasiye avutike sabata imodzi, amve mmene ndinamvera, kenako ndikawatenge. Sabata inakhala ziwiri. Loweruka lililonse ndinkapeza chifukwa. Pachingwe munthu ukamuchedwetsa umamuona akulendewera, umamva kulemera kwake m'mapewa, ndiye sungathe kudzinamiza. Ku Linda sindinkamva kulemera kulikonse, ndinkadya n'kugona.

Sabata yachitatu mayi wina woyandikana nawo anatumiza uthenga kuti anawapeza atagwa pakhomo la chimbudzi, ndipo anthu a kutchalitchi kwake anawatengera kuchipatala. Ndinapita nthawi yoona odwala, masana. Anali ndi chopumira kukamwa. Namwino anandiuza kuti mapapo anali atatha, fumbi la miyala pamodzi ndi chifuwa chachikulu, ndipo anandifunsa kuti abale tinali kuti nthawi yonseyi. 

Ndinawagwira dzanja. Linali lopepuka, koma zikang'a za chingwe zinali zikadalipo.

"Nagwila, bakulu," ndinatero. "Nagwila manje."

Anandiyang'ana. Anachotsa chopumira chija n'kunena mwaulemu, monga umauzira mlendo wochokera kutchalitchi, "Zikomo pobwela. Mukapeleke moni kunyumba." Kenako anatembenukira kukhoma. Patapita masiku awiri anamwalira.

Anthu amandiuza kuti ngakhale ndikanawalandira akanafabe, mapapo anali atapita kale. Mwina. Koma lamulo lija silinkanena zoti munthu apulumuke. Linkanena zoti umukoke. Iwo anawasunga mawuwo moyo wawo wonse, anawanena kamodzi, kwa ine, ndipo ndinawasiya pakhoma.

M'nyumba mwanga palibenso wolankhula za mwala. Mkazi wanga amangoika kapu ya tiyi patebulo n'kuchoka. Matumba a makala aja sanawabwezeremo m'kachipinda. Amakhala panja, mvula imawanyowetsa, makala amavuta kuyaka, ndipo ine amene ndimakalipa ndi chilichonse sindinamuuzepo kuti awalowetse.