Pulasitala wa Mayi Lenia

Mayi Lenia anataipa makalata zaka makumi awiri ndi zitatu pasukulu ina ya mishoni kufupi ndi Malomo. Taipi yawo inali yachitsulo, yolira ngati chigayo, ndipo zala zawo sizinkaphonya. Anali mayi wosakonda zolankhulalankhula. Ukawapatsa moni wautali, ankakuyankha maso ali papepala.

Mu 2004 kunabwera kompyuta. Mphunzitsi wina wakunja, yemwe anangokhala miyezi itatu, anaikamo mbali ziwiri, moti ukaiyatsa inkayamba yafunsa: Windozi kapena Linakisi? Ku Windozi kunali kolembera makalata, ku Linakisi kotumizira imelo kudzera pa modemu, kabokosi kolumikiza kompyuta ndi waya wa telefoni. Mlendoyo anawalembera zonse m'kope, n'kubwerera kwawo.

Chilimwe chonse zinthu zinayenda bwino. Mvula itangoyamba, basi, mavuto. Lero imelo yapita, mawa Linakisi ikuti modemu palibe, chonsecho kabokosiko kali pomwepo, kagetsi kake kakuyaka.

Ahedi, a Reinford, analinso mkulu wa mpingo, ndipo kutsutsidwa sanakuzolowere. Lolemba lina anaima pakhomo la ofesi.

"Mayi Lenia, zinthu izi n'za ana amasiku ano. Taipani kalata yopempha kalaliki wina wodziwa makompyuta. Lachisanu ndisaina."

Tangoganizani, kutaipa ndi zala zako kalata yokuchotsa pampando wako! Anaitaipa ndithu, osalakwitsa ngakhale chilembo chimodzi, koma mtima unawawawa kwambiri. Ntchito imeneyi ndi yomwe ankaidziwa, panalibenso ina.

Lachitatu m'mawa imelo inakananso. Mayi Lenia anati lero ndiye lero. Anazimitsa kompyuta, n'kuiyatsira ku Windozi, n'kufufuza komwe modemu ili. Windozi inaiona bwinobwino: ili pobayira chingwe potchedwa COM2. Atatsegula kope lija anapeza mzere womwe ankangoudumpha masiku onse: Linakisi imayang'ana modemu pa COM1 pokha, pobayira papamwamba. Anatembenuza bokosi la kompyuta. Kumbuyo kunali pobayira pawiri pofanana ndendende, ndipo chingwe chinali papansi. Atachikweza, modemu inalira kulira kwake kosokosa kuja, imelo n'kupita. Koma nanga chingwecho ankachisuntha ndani? Iwo kumbuyoko sankagwirako.

Yankho linabwera masana omwewo. Mitambo inada kumapiri, bingu n'kugunda. Ahedi analowa mothamanga, anagwada, n'kuzula zingwe zonse. Kumapiri kuno aliyense amatero, mphenzi yapsereza mawailesi ambiri. Kale ahedi ankachita zimenezi Mayi Lenia ali kokadya, koma lero njala inali itathawa. Mvula itakata, ahedi anagwadanso, magalasi ali m'thumba, n'kumapapasa kumbuyo. Chingwe cha modemu anachibaya papansi.

"Eya, zonse zili m'malo mwake," anatero akusasa mawondo.

Mayi Lenia mawu anawafika pakhosi. Kungonena kuti wolakwa ndi inuyo, nkhani ikanathera pomwepo. Koma munthu wamkulu, woimirira kutsogolo m'tchalitchi, umamuuza bwanji zotere aphunzitsi ali pakhonde akumva? Komanso bamboyo sankawononga dala, ankateteza katundu wa sukulu. Mayi Lenia anangoti zikomo. Ahedi atatuluka, anabwezera chingwe pamwamba, anatenga pulasitala m'bokosi la mankhwala, n'kumata pobayira papansi paja.

Lachinayi mvula inabweranso, ahedi n'kuzula zingwe monga mwa masiku onse. Pobwezera, chala chawo chinakhudza pulasitala. Anavala magalasi, n'kuyang'ana nthawi yaitali ali chigwadire.

"Wamata apa ndani?"

"Ndine, bambo. Pamenepo pamalowa fumbi."

Fumbi mu Disembala! Ahedi anasuzumira pawindo, bwalo lonse lili matope okhaokha. Anabaya chingwe papamwamba, poti pena panalibe, n'kutuluka.

Lachisanu anaitanitsa kalata ija. Mayi Lenia anaiika patebulo, cholembera pambali. Ahedi anaiwerenga yonse mpaka pansi, kenaka anaipinda kanayi n'kuilowetsa m'thumba la jekete.

"Kodi imelo yapita lero?"

"Yapita, bambo."

"Chabwino. Lolemba mulawirire, pali mayeso oti mutaipe."

Mayi Lenia anakhala pampando umenewo zaka zina zisanu ndi chimodzi mpaka kupuma ntchito. Nkhani ya chingwe awiriwa sanaikambiranepo ngakhale tsiku limodzi.