Nyimbo zopanda mawu za achemwali

Lero mnzanga wa ku ntchito wandifunsa ngati ndikudziwa zimbale zabwino za nyimbo zopanda mawu, za timagulu tija todziyimira patokha tosamveka pa wailesi. Ndamutchulira zitatu osaganiza n'komwe. Kenako ndazindikira kuti zonsezo munandidziwitsa ndinu, achemwali.

Mukukumbuka Loweruka lija ndinabwera ku shopu yanu yosokera ku Limbe, banja langa litangotha? Ndinkaganiza kuti nanunso mundilangiza ngati mmene anachitira azakhali ndi amayi a ku mpingo. Koma inu munangochotsa nsalu pa benchi kuti ndikhale, n'kuyika chimbale cha anyamata ena a ku Chirimba amene ankajambulira nyimbo zawo mu galaja. Munali gitala, ng'oma ndi lipenga basi. Patapita nthawi ndinafunsa kuti, "Kodi ayamba liti kuimba?" Munayankha mapini ali kukamwa: "Saimba amenewa, Fatsani. Wamva mawu okwanira sabata ino. Tangokhala." Tinakhaladi mpaka chimbale chinatha, inu mukupalasa makina, ine ndikulira, ndipo simunandifunse kanthu.

Patha zaka ziwiri chitisiyireni. M'shopu muja pano amagulitsamo mafoni, ndipo ndikamadutsa ndimayang'ana kumbali. Anyamata aja anatulutsa chimbale china mwezi watha. Ndinagula, koma chikadali m'pepala lake m'chikwama. Ndinazolowera kuti muziyamba ndinu kumvera, kenako n'kundiimbira foni kuti, "Nyimbo yachinayiyo, uyimvere wekha." Ndakusowani, achemwali.