Bezi yaima, akufuna ankhoswe

Mwaswera bwanji abale.

Lero ndinaperekeza mng'ono wanga Madalitso ku situdiyo ya ku Chilomoni kukamaliza chimbale chake chija. Ine ndinali wonyamula gitala, poti za ku koleji zinandithera pamenepo.

Anaitana oyimba zida aganyu. Woyimba gitala ya bezi anali bambo wachikulire, a Mbewe, mu jekete ngati akupita kukhoti.

Nyimbo itafika pa kolasi, Madalitso anatsinzina n'kukuwa kuti, "Tadala wa ku Bangwe, ndidzakukwatira." A Mbewe anazula waya, n'kugoneka gitala pampando mwaulemu.

"Tadala uti? Wa saluni ya pa siteji?"

Madalitso anavomera.

"Ine ndine malume ake. Nkhani za ukwati ndizimvera pa maikolofoni?"

Akuti sagwiranso gitala mpaka aone ankhoswe athu. Madalitso anapempha kuti angochotsa dzinalo, iwo akuti alimva kale. Mwini situdiyo wakana kusakaniza bezi ya munthu wina pa chimbale chimodzi, poti nyimbo zinazo anaimba kale ndi a Mbewe. Ndatopa nazo ine.

Ndiye a malume a Yohane, suti yanu ija ndi yochapa? Kapena titulutse chimbale chopanda bezi?