Duwa la pamanda a amayi

Ndinanyamuka pa Dyeratu, ku Chikwawa, dzuwa litangotuluka, mtanda wachitsulo uli m'thumba. Dzulo lake agogo, amene anandilera kwa Malemia, anali ataimba foni: "Duwa lija laphuka. Ukachedwa ulipeza litafota."

Amayi anamwalira ndili wakhanda. Agogo anabzala pamanda pawo chomera chonga anyezi, chotulutsa duwa loyera mvula ikayandikira. Madzi osefukira atakwirira manda onse ndi mchenga, palibe ankadziwanso pamene amayi agona. Tinkadikira duwalo mu Okutobala. Koma chaka chimenecho chisanu sichinabwere, mu Juni tinkagona osafunda, ndipo linaphuka mu Julaye.

Kondakitala wa minibasi anapapasa thumba lija. "Asisi, muli chiyani umu?"

"Mtanda."

"Ndiye ulipire mpando wake."

"Ukhala pamiyendo panga."

Ndinalipira K10,000. Bambo amene ndinakhala naye pafupi anasendera kutali, moti ulendo wonse ndinakhala motakasuka.

Pa Nchalo tinaima nthawi yaitali kudikira anthu. Ndinagula chimanga chootcha, koma ndinangochigwira. Masana pa Bangula dalaivala anazimitsa injini, nati sapitirira mpaka minibasi idzadzenso. Sindinakangane naye. Ndinatsika n'kukwera lole ya matumba a mchere.

Pamwamba pa matumbapo panali mayi wogulitsa milamba yowamba. Nditamufotokozera za ulendo wanga anati, "Kwathunso mango achita maluwa msanga. Nyengo yapenga, mwananga." Kenaka anamenya denga la lole. "Adalaiva, pondani! Muno muli wodwala."

"Akudwala ndani?" anafunsa dalaivala.

"Duwa."

Pa boma la Nsanje ndinakwera kabaza. Kumudzi ndinapeza amalume atapempha kale chilolezo kwa amfumu, ndipo tinalowa kumanda atatu, ine, amalume ndi agogo, dzuwa litapendeka. Paliponse panali mchenga, ndi mapazi a mbuzi. Agogo maso anafooka, ndipo mnyamata amene analiona duwalo anali atapita kudimba. Ndinayenda mowerama, mtengo ndi mtengo, mpaka pafupi ndi mtondo wina ndinaona phesi lobiriwira. Duwa linali litagwa kale, lofiirira, litagona pamchenga.

Amalume anakhoma mtanda ndi mwala. Agogo anagwada n'kupapasa phesilo.

"Amako sankadziwa kudikira," anatero. "Iwenso anakubereka miyezi isanakwane."

Zimenezo ndinali ndisanazimvepo. Ndinapita kukafuna malo amene amayi agona, ndipo ndinabwerako ndikudziwa pang'ono khalidwe lawo.