Phewa la Msenzankhungu

Sungeni ndi mng'ono wanga, wachitatu kubadwa kwathu ku Kasina, ndipo mwana ameneyu anabadwa ndi dzanja losakhazikika. Ife tikamasenda mbatatesi, iye amakhala akukanda pansi ndi kamtengo. Ku sukulu anakwapulidwapo kangapo chifukwa chojambula kumapeto kwa kope la masamu. Chinkawapsetsa mtima aphunzitsi n'chakuti ukangoona chithunzicho umadziwiratu kuti uyu ndi uje, nkhope asanaiike n'komwe. Sungeni sayambira kumaso. Amayamba ndi kaimidwe ka munthu, mwendo umene amatsamira, mmene amapindira khosi akamamvetsera. Ine anandijambulapo nditagwira m'chiuno ndikukalipa, ndipo mpaka lero sindinamukhululukire kwenikweni.

Kwathu ndife Angoni a korona m'khosi. Gule wamkulu tinkangomumvera kutali, ndipo mayi athu anatilangiza kuti mukaona fumbi la chilombo panjira, thawani osacheuka. Sungeni, wamantha ngati nkhuku, anasunga lamulo limeneli mpaka kukula. Atakwatiwa ndi a Alufeo n'kutengedwa chitengwa ku Chongoni, kumudzi kumene gule amatuluka chaka ndi chaka, anakhala zaka zisanu ndi zinayi osapondako kubwalo. Ng'oma zikangoyamba amatenga mwana wake Tikondwe, kutseka chitseko, n'kuyamba kujambula. Amuna ake akachoka, iye amangoti apita kukathandiza pamaliro ngati amuna ena onse.

A Alufeo ndi okonza njinga, munthu wofatsa woti mawu ake ungawawerenge. Anagwa pangolo ali mwana, ndipo phewa lawo lamanzere linatsala lopendeka. Chala chachikulu cha phazi lawo lamanja n'chopindikira kunja.

Apa ndiulule changa. Ine ndinakwatiwa pa Chimbiya, ndipo chaka china chidwi chinandikoka, ndinakasuzumira gule kumudzi wina kufupi ndi kwathuko. Kunatuluka chilombo cha nthenga za nkhanga kumutu, amayi n'kuimba nthungululu ngati apenga. Chinkavina phewa lamanzere lili pansi. Ndinaliona phewalo, ndinaonanso chala cha phazi. Kenako ndinachita zimene amayi onse a pabwalopo ankachita: ndinaomba m'manja, ndinabwerera kwathu, ndipo sindinauze munthu, ngakhale mng'ono wanga.

Pa Chimbiya timagulitsa mbatatesi limodzi, ndowa zathu zitandandalikana m'mbali mwa msewu. Maminibasi akachepa, Sungeni amatulutsa pensulo n'kumajambula kuseri kwa makalendala akale. Mwezi wa Juni chaka chatha, nkhungu itatseka phiri, panaima galimoto ya mayi wina wa ku Lilongwe dzina lake Wezzie. Anabwerera mbatatesi, koma anathera nthawi yake atanyonyomala akutembenuza makalendala. Anati iye ndi anzake akupanga makatuni a ana oti azionetsedwa pa kanema, ndipo akusowa munthu wowajambulira ngwazi yoteteza nkhalango ku moto wolusa.

"Ngwazi yotere imavala chigoba kuti anthu am'mudzi asaizindikire," anatero Wezzie. "Koma ana oonera ayenera kudziwa kuti mkatimo muli ndani. Ndiye mutijambulire kutsogolo, cham'mbali, kumbuyo, kenako itavula chigoba. Ndi mmene timachitira."

Sungeni anasangalala mpaka kuiwala kudya. Dzina analipeza tsiku lomwelo: Msenzankhungu, munthu amene amakwera phiri m'mawa, kuwola nkhungu m'thumba, n'kukaikhuthulira pamoto. Thupi ndi limene linamuvuta. Zoyamba zinkatuluka zidzibambo za zifuwa ngati matumba a chimanga, ndipo Wezzie anazikana pa foni, ati akufuna munthu wa konkuno woti ungakumane naye kuchigayo. Ndiye tsiku lina Sungeni anakweza maso n'kuona amuna ake atawerama pa tcheni cha njinga. Anawajambula osawauza, ati adzawadabwitse zikadzatuluka. Chigoba anachipanga cha chiguduli, ndipo poona kuti kumutu kukuoneka mbee, anaikako nthenga za nkhanga zimene Tikondwe ankatolera.

Anandionetsa pepalalo pamsewu, nkhope ili mwee. Kumanzere kunali wa chigoba ndi nthenga, phewa lili pansi. Kumanja kunali yemweyo atagwira chigoba m'dzanja, akumwetulira, ndipo anali a Alufeo enieni mpaka kachipsera ka pachibwano.

"Nthengazi bwanji osazichotsa?" ndinatero.

"Nanga si ndizo zikukometsa, achemwali?"

Ndinayang'ana amayi anzathu a ndowa, ena a iwo a ku Chongoni komweko. Ndinadzinamiza kuti pepala likapita ku Lilongwe lapita, ndani wa kuno adzalione? Ine amene ndimadziwika msika wonse ndi pakamwa, tsiku limenelo ndinakhala chete chifukwa cha mantha.

Wezzie anachikonda chithunzicho moti anachiika pa intaneti kuti anthu aone zimene zikubwera. Sabata isanathe chinali chitabwerera ku Chongoni, chikudumpha foni ndi foni.

Sungeni anayamba kuona zachilendo osazimvetsa. Akafika pamjigo, macheza amaduka. Anthu anasiya kubweretsa njinga pakhomo. Amuna ake, amene kale anali osayankhula, tsopano ankangokhala pakhonde manja ali pamawondo. Lachinayi Sungeni sanabwere kumsika, ananditumizira uthenga woti ndipite. Ndinayenda njira ya m'mphepete mwa nkhalango ndikucheukacheuka.

Ndinangofika, nawonso apongozi ake, a Falesi, anatulukira. Anakana mpando, anakhala pamkeka mkati mwa nyumba, n'kuuza Tikondwe kuti akasewere kwa anzake.

"Amake Tikondwe, chithunzi chili m'mafonichi mwajambula ndinu?"

"Ndine, amayi. Ndi ntchito ya makatuni a ana."

"Anakuuzani ndani?"

"Zoti chiyani, amayi?"

A Falesi anayankhula motsitsa mawu, maso ali kuchitseko.

"Zilombo zimachokera kumanda. Mwamva? Ine ndakalamba ndikudziwa zimenezo, ndipo ndidzafa ndikudziwa zomwezo. Pamudzi pano pali chilombo cha nthenga za nkhanga chimene takhala tikuchiombera m'manja zaka makumi awiri. Maso tili nawo tonse. Koma palibe mkazi anaimirirapo n'kuchivula nkhope pamaso pa dziko lonse. Pano amuna akuti mwana wanga amaulula za kudambwe kwa mkazi wake pamphasa."

Dambwe ndi kumalo kwa amuna a gule, kumene mkazi kapena munthu wosalowa sapondako. Ndinaona mng'ono wanga akumvetsa pang'onopang'ono. Anayang'ana pepala limene linali patebulo, anayang'ana pazenera pamene amuna ake anakhala atatipatsa msana, phewa lili pansi. Kenako anandiyang'ana ine, ndipo ine ndinazolika.

Dzuwa litapendeka pang'ono, nkhuku zinabalalika pabwalo. Ana amene ankasewera kuseri anathawa akukuwa. Titasuzumira pa mng'alu wa chitseko tinaona zilombo ziwiri zitaima pafupi ndi khola la mbuzi, matupi ali matope okhaokha. Sizinavine, sizinathamangitse munthu. Zinangoima, zitayang'ana khonde. Ine ndaonapo zoopsa, koma pa kuima chete kuja korona anandigwa m'manja kawiri.

A Alufeo anadzuka, anasamba girisi m'manja mosafulumira, n'kubwera pachitseko osalowa.

"Amake Tikondwe, musatuluke. Ndipo musadzandifunse kanthu, lero kapena tsiku lina lililonse."

Anamasula mbuzi yaikulu m'kholamo, n'kulowera njira ya kunkhalango, zilombo zili pambuyo pawo.

Sungeni analumphira chitseko. "Ndikawauze! Sanandiuzepo kanthu, ine sindinkadziwa!"

A Falesi, okalamba choncho, anamugwira chitenje n'kumukhazika pansi. "Simunkadziwa chiyani? Mukakanena mawu amenewo ndiye kuti lero mukudziwa, ndipo mwamuonjezera mlandu. Khalani pansi."

Tinakula tikumva nkhani zambiri za zimene zimachitikira munthu woulula, ndipo sindikudziwa kuti zoona ndi ziti, zongoopsezera ana ndi ziti. Tsiku limenelo zonse zinabwera m'mutu. Sungeni anaimbira Wezzie, ndipo Wezzie anachotsa chithunzicho nthawi yomweyo, akupepesa, n'kufunsa ngati aitane apolisi. Sungeni anakana. Apolisi akanabwera n'kupita, koma iye ndi amuna ake akanatsala pamudzi pomwepo. Anakoleza moto kuti atenthe pepala lija, anaima nalo pamwamba pa malawi mpaka m'mphepete munayamba kufiira, kenako analibweza n'kulipinda.

"Akapanda kubwera, nkhope yawo ndiionera pati?" anatero.

Kunja kunacha tisanagone. Sungeni anasesa bwalo katatu. Aliyense wodutsa panjira ankafulumiza mapazi osapereka moni, ndipo ife tinkayesa kuwerenga pankhope zawo ngati amva kanthu.

A Alufeo anatulukira dzuwa lili paliwombo, okha, opanda mbuzi. Sungeni anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi ngati mmene amayang'anira munthu woti amujambule. Analibe bala, sankatsimphina. Anapempha madzi osamba, anadya, anagona. M'mawa mwake anatulutsa zitsulo zawo, ndipo pofika Lolemba njinga zinayambanso kubwera. Ine ndinathokoza Mulungu mokweza, poganiza kuti mlandu wathera pa mbuzi.

Patapita masabata awiri a Falesi anatipeza pa Chimbiya. Anagula tomato, anacheza za kuzizira, ndipo ponyamuka anati:

"Paja chilombo cha nthenga za nkhanga chija akuti chinabwerera kumanda. Sichidzatulukanso."

Anakwera minibasi osacheuka.

Mwezi wa Sepitembala kunali mwambo wokumbukira malemu ena pamudzipo, ndipo ine ndinali komweko kukathandiza kukumba mbatatesi za kudimba. Ng'oma zinayamba masana. Mudzi wonse unakhamukira kubwalo, ndipo koyamba chikwatiwire Sungeni sanatseke chitseko. A Alufeo anakhala pakhonde akumata chubu. Anachimata, anachipopa, anachiviika m'beseni kufuna pobooka, ngakhale tonse tinkaona kuti thovu palibe. Chala chopindika chija chinkagunda pansi motsatira ng'oma, mpaka chinakumba kadzenje m'fumbi. Sungeni anaima pakhomo ndi kapu ya madzi. Ndinaona milomo yake ikufuna kunena kuti pepani. Koma kupepesa kukanatanthauza kuti akudziwa chimene anawalanda, ndiye anangogwada, kuwapatsa madziwo, iwo n'kuthokoza.

Sungeni anamujambulanso Msenzankhungu. Mapewa anawawongola, nthenga anachotsa, kumutu anamuveka chipewa cha mlaza. Anauza Wezzie kuti ngwazi yake sidzavula chigoba, ndipo ngati sakufuna apeze wina. Anakangana kwa masiku angapo, koma Wezzie anavomera. Sungeni akujambulabe, ndipo pano ali ndi mapepala enieni ndi mapensulo amitundu. Anthu ake amawatenga pa apaulendo a m'maminibasi, amene sadzawaonanso. Wa ku Chongoni sajambula ngakhale mmodzi, ndipo ng'oma zikalira amayang'ana kaye kumene kuli amuna ake.

Za kukhala chete kwanga sanandifunsepo, ndipo zimenezi zimandipweteka kuposa akanandilalatira. Koma tsiku lina msika utazizira, amayi anzathu atapita kukathamangira basi, anasendera pafupi n'kunong'ona.

"Achemwali, inu munachionapo chikuvina?"

Ndinayang'ana uku ndi uku. "Kamodzi."

"Chinkavina bwino?"

Ndinafuna kunama kuti zinali wamba, koma ndinali nditamubisira zokwanira. Ndinamuuza kuti mapazi ake sankaoneka, kuti fumbi linakwera kupitirira mitengo ya mango, kuti amayi okalamba anataya ndodo zawo n'kulowa m'bwalo.

Sungeni anagwedeza mutu. Anatembenukira ndowa yake n'kuyamba kusanja mbatatesi zimene anali atasanja kale, zazikulu pamwamba.