Kukuwirana M'khutu

"Kwezani mphamvu, a Chikopa! Ikani pa fulu!"

Ndinali pamwamba pa mlongoti ku Zingwangwa, lamba wokwerera m'chiuno, sipanala m'manja. Amene ankakuwa pansipo ndi a Mhango, eni bizinesi yogulitsa wayifayi pafupi ndi msika. Netiweki yawo imachokera pa dishi ya ku Naperi n'kudzagwera pa dishi imene ndinaikumbatirayo. Sabata yonse inkangodukaduka, makasitomala n'kumathawa. A Mhango anali atandiuza kale kuti ikapanda kuchira pofika Lachisanu, ntchito yanga apatsa mlamu wawo wa digiri.

Ndinatsika. Ndinayang'ana pa laputopu. Mphamvu inali kale pa fulu.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma ichi ndimachidziwa. Naperi ndi Zingwangwa ndi pafupi. Madishi oyandikana chonchi ukawaika pa fulu amagonthetsana. Munthu akakukuwirani m'khutu, mumamva zimene akunena? Mumamva phokoso basi.

Ndinatsitsa mphamvu mbali zonse ziwiri. Ndinakweranso, n'kupotoza dishi pang'ono kuti iyang'anane ndi inzake. Netiweki inakhazikika. Mayi wa kaunjika wa pakhomo lotsatira anayamba kuseka ndi mwana wake wa ku Joni pa vidiyo.

A Mhango anasuzumira pa laputopu.

"Nambala iyi yatsika bwanji? Ine ndinagula makina amphamvu, inu mukuwafoola?"

Musawaseke. A Mhango tili nawo m'nyumba iliyonse.

Pitani ku Ndirande Lamlungu. Matchalitchi awiri oyang'anizana, zokuzira mawu zonse pa fulu, ngati Mulungu anagontha. Wa kuno akumva ulaliki wa uko, wa uko akumva ng'oma za kuno, kenaka onse akuti ameni. Pa siteji ya minibasi, oitanira asanu akukukuwirani malo amene mukupita ngati mwaiwala kwanu. Pamsonkhano wa m'dera, wokuwa kwambiri ndiye amasankhidwa kukhala tcheya. Nzeru tinazisamutsira kukhosi.

Kutembenuka kuti uyang'ane mnzako bwinobwino, iyayi, imeneyo ndi ntchito yaikulu. Bola kukuwa.

Lachisanu a Mhango anandiimbira. Yadukanso. Ndinapita. Ndinapeza mlamu uja atakhala pa laputopu, tayi m'khosi, nsapato zosakwerera mlongoti. Mphamvu anali ataibwezera pa fulu.

"Madala, munaisiya yofooka," anatero mlamuyo. "Ndaikonza. Vuto tsopano ndi dishi, yachepa. Tigula yaikulu."

"Mwamva, a Chikopa?" anatero a Mhango. "Zinthu izi zimafuna sukulu. Kuyambira lero aziyang'anira ndi iwowa. Muli ndi mawu?"

Chosamva adachiphikira m'masamba, ndinatero mumtima. Panja makasitomala atatu anali atakweza mafoni m'mwamba ngati akupempha mvula.

Ndinavula lamba wokwerera uja. Ndinaika sipanala m'chikwama. Ndinatuluka, n'kulowera kumsewu.